A Amadi Akukwatitsa Loweruka

A Abdu, telala wa pamsika wa Chileka, atangomva kwa wakabaza kuti alamu awo a Amadi akukwatitsa Loweruka, anasiya buluku pamakina singano ili chibayire n'kuthamangira minibasi ya ku Lirangwe. Pakhomo pa a Amadi mwana wamkazi analipo mmodzi yekha, Tahira wa Fomu 4, mwana wa mchemwali wawo Zaituni, ndiye iwo monga mwini mbumba sanaone chofunsiranso kuti wokwatiwayo ndani.

Anawapeza alamu awowo pakhonde, akudula majumbo a pulasitiki kukhala timizere titalititali.

"Salaam aleikum, alamu! Mwatidzidzimutsatu. Nawu mpando."

"Aleikum salaam. Mpandowo chotsani. Sindinabwere kudzakhala."

A Amadi ananyamula mpando uja, kukauika m'nyumba, n'kubwerera pamalo pawo. A Abdu anauperekeza ndi maso. Mawondo anali akuwawa chifukwa chopanikizika m'minibasi, koma mawu anali atatuluka kale.

"Zimene ndamvazi n'zoona?"

"Mwamva zotani?"

"Zoti Loweruka likubwerali mukukwatitsa."

"Ooo, zimenezo! N'zoona kwabasi." Nkhope ya a Amadi inawala. "Zamveka mpaka ku Chileka? Ndiye kuti zikuyenda."

"Mukusekerera?"

"Nanga ndilire? Takhala tikudikira miyezi isanu ndi itatu."

"Miyezi isanu ndi itatu! Ine osandiuza olo kamodzi? Kapena foni yanga inagwera m'chitsime?"

"Iii, pepanitu. Inagwera liti?"

"Sinagwere!"

"Ndiye mwayi. Ine ndimati ndidzakuuzeni zikagwira. Zinthu zimenezi zimatha kukanika, alamu. Umamanga bwinobwino lero, pakatha masabata atatu n'kupeza asiyana."

"Mukudziwa kale kuti akhoza kusiyana, koma mukupitirizabe?"

"Anatiuza kuti pa khumi, awiri kapena atatu amakanika. Umangoyambiranso ndi wina."

A Abdu anavula chisoti, kuyang'ana m'kati mwake ngati muli yankho, n'kuchivalanso.

"Achemwali anga akudziwa zimenezi?"

"Mayi a Tahira? Iwo ndiye ali patsogolo. Panopa apita ku Lunzu kukagula zofunikira."

"Zaituni weniweni? Nanga mwanayo, Tahira, akuti chiyani?"

"Ameneyo musanene. Akuti Loweruka likuchedwa kufika."

"Mwamuumiriza!"

"Ayi ndithu. Wandiumiriza ndi iyeyo. Ine ndimati tidikire mwezi wamawa."

"Nanga sukulu? Mayeso a Fomu 4 ali pakhomo!"

"Ayi, akalembera kusukulu komweko."

"Ndikuti ayandikira!"

"N'chifukwa chake tinasankha Loweruka. Loweruka kulibe sukulu."

"Lolemba lake?"

"Lolemba adzuka, asamba, apita."

"Ngati palibe chachitika?"

"Mwina zala zizimuwawa pang'ono."

A Abdu anayenda kufika kumapeto kwa khonde, n'kubwerera. Ku Chileka amadziwika kuti akanena kuti buluku ndi la saizi yako, ndi la saizi yako basi, ngakhale likulekeza m'maondo. Sanali munthu wosokonezedwa ndi mayankho. Anaimika chala.

"Tiyeni tiyende bwinobwino. Dzina lake ndani?"

"La ndani?"

"Amene mukukwatitsa nayeyo!"

"Ooo. Kenti."

"Kenti chiyani? Kenti wa bambo ndani?"

"Kenti basi. Papepala anangolemba kuti Kenti. Ine ndimafuna Tomi."

"Analipo awiri?"

"Anatibweretsera zithunzi kuti tisankhe. Ine ndinaloza Tomi chifukwa akuti ndi wolimba, amapirira ulendo wautali. Koma Tahira anati ayi, Kenti ndiye wabwino, ndi wamkulu thupi komanso masaya ake ndi ofiirira."

"Kusankha pachithunzi ngati sitayelo ya malaya! Kwawo n'kuti?"

"Makolo ake akuti ndi a ku Amerika. Koma iyeyu wakulira ku Mdeka, kwa a Dyton."

"Mzungu?"

"Wachizungu, eya."

"Mzungu wokulira ku Mdeka." A Abdu anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Ndi Msilamu?"

A Amadi anasiya kudula jumbo. Anaganizira funso lija mofatsa, pakuti sanali munthu woyankha zimene sakuzidziwa.

"Sindinafunse. Koma a Dyton ndi ampingo."

"Ha! Amagwira ntchito yanji?"

"Ntchito? Sindinamuonepo akugwira. Ulendo umene ndinapita kukamuona ndinangomupeza ataima kuseri kwa khola."

"Akutani?"

"Ataima basi. Padzuwa."

"Lova!"

"Koma amabereka, alamu. Pamenepo pokha musamunyoze. Chaka chatha anthu amachita kuima pamsewu kumaonerera."

"Wabereka kale? Angati?"

"A Dyton anawerenga mpaka makumi asanu ndi limodzi, n'kutopa."

"Makumi asanu ndi limodzi! Ali kuti onsewo?"

"Ambiri anakagulitsidwa ku Limbe. Ena anadyedwa ndi mileme."

"Astaghafirullah!"

A Abdu anagwira mzati wa khonde. Anawayang'anitsitsa alamu awo m'maso kuti aone ngati utsi wa makala amene ankaotcha zaka zonse zija unawalowa m'mutu. Maso a a Amadi anali oyera, odekha, ngati a munthu amene wangotha kupemphera.

"Alamu, mundiuze. Anayambitsa zimenezi ndani? Nkhoswe yake ndani?"

"Anayambitsa ndi a bungwe, pamodzi ndi mayi Lois, alangizi a zankhalango."

"Alangizi a zankhalango ayamba kukwatitsa?"

"Amadziwa kwambiri mayi amene aja. Anatiphunzitsa masiku atatu. Anati ngati tikufuna kuthana ndi umphawi m'mudzi muno, njira yachangu ndi imeneyi."

Apa ndiye pamene panali bala. A Abdu anamenya m'manja kamodzi, nkhuku zimene zinali pabwalo n'kubalalika.

"Ndinadziwa ine! Tsiku limene munasiya kuotcha makala ndinawauza akunyumba kuti ku Lirangwe zinthu zithina, ndipo zikathina maso athamangira kwa mwana wamkazi. Mwana ameneyu, alamu, yunifolomu yake ndasoka ndine kuyambira Sitandade 1. Kukula kwake ndimakudziwa ndi tepi yanga. Chaka ndi chaka ndimatsitsa mpendero ndikunena kuti uyu yekha atifikitsa patali. Ndinamulonjeza kuti tsiku lake lalikulu gauni adzavala yosoka ine. Lero mukuti Loweruka?"

"Gauni musavutike nayo. Tamuuza avale zakumunda."

"Zakumunda! Pa tsiku ngati limenelo?"

"Utomoni umathimbiriritsa zovala."

"Musandisokoneze ndi za utomoni! A bungwewo akupatsani chiyani kuti muvomere?"

"Wilibala, makheni awiri othirira, ndi machubu."

"Wilibala. Mwagwa ndi wilibala."

"Ayi, sindinagwe nayo. Ndi yatsopano, tayala lake ndi labwino. Komanso si yanga ndekha, ndi ya gulu."

"Gulu lanji?"

"Lathu, la amene tinkaotcha makala. Tilipo mabanja khumi ndi asanu. Tonse tikukwatitsa tsiku limodzi."

"Nonse? Kwa ndani?"

"Kwa Kenti."

"Yemweyo?"

"Amakwanira. A Dyton anati tikachepekedwa tikatengenso."

A Abdu anakhala pansi pakhonde, pa dothi, ndi thalauza lawo lakumzikiti. A Amadi anadzambatuka.

"Ndibweretse mpando?"

"Ndati sindinabwere kudzakhala!"

"Chabwino." A Amadi anakhalanso.

Pamsewu waukulu panadutsa thiraki, kenako njinga ziwiri zosenza matumba a makala zikulowera ku Blantyre. A Abdu anapeza pena pogwira. Kwa Asilamu akuno ukwati umatchedwa ndowa, ndipo ndowa simangidwa popanda shehe ndi mwini mbumba.

"Chabwino. Tinene za ndowa. Ndowa ili pati?"

"Ili kuseri."

"Kuseri? Osati kumzikiti?"

"Kumzikiti ali ndi zawo. Iyi ndi yathu."

"Amanga ndani?"

"Siyofunika kumanga. Yakale ija ndi imene inkadontha, iyi ndi yatsopano."

"Panali ina yakale?"

"Inang'ambika pansi. Tikumwetsera abakha."

"Alamu Amadi, ndikufunsa za ndowa ya Kenti!"

"Ndi imeneyo. Kenti ali momwemo."

"Wafika kale?"

"Dzulo madzulo, pa kabaza."

"Wagona pakhomo pano? Ukwati usanamangidwe?"

"Nanga ndikanamusiya pamsewu? Koma musadandaule, ndamusamala. Ndamukulunga m'chiguduli chonyowa."

"M'chiguduli?"

"Chonyowa. Akauma sagwira."

A Abdu anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Anali atamvapo za azungu okonda kusamba madzi ozizira, koma izi zinali zina. Anatsitsa mawu, monga mmene munthu amayankhulira ndi wodwala malungo.

"Tandiuzani, alamu. Loweruka likafika, mwambo wake uyenda bwanji? Muyambire poyamba."

A Amadi anakondwa. Chiphunzirireni, palibe wachibale anawafunsapo funso limeneli. Anapukuta manja pamalaya.

"M'mawa dzuwa lisanatenthe, tonse tisamba m'manja. Kenako aliyense atenga lezala yatsopano."

"Lezala?"

"Ndi zimene mayi a Tahira apitira ku Lunzu. Yobuntha imawononga. Ndiye umayamba ndi wakwathu kunoyu. Umamugwira bwinobwino kuti asagwedezeke, n'kudula mutu."

"Kudula chiyani?"

"Mutu. Kamodzi n'kamodzi, fwaa! Osachita kucheka ngati nyama. Ukatero umamanga msanga ndi pulasitiki uyu ndikudulayu, mphepo isalowe."

A Abdu anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu. Analanda timizere ta pulasitiki tonse n'kutiponya pabwalo.

"Ndiye izi! Kukhwima! Mukufuna kulemera ndi mutu wa munthu!"

"Mitu timataya, alamu. Ilibe ntchito. Mbuzi zimadya."

"Ndiitana anthu! Ali kuti Kenti ameneyu? Ndimuone ndi maso angawa!"

"Munati simunabwere kudzakhala. Kuyenda mulola?"

"Tsogolani!"

A Amadi anatola kaye timizere tawo tonse, kutikung'untha fumbi, ndipo kenako anatsogola. A Abdu anazula mtengo wa mpanda n'kuwatsatira, mtima ukugunda ngati makina awo akamasoka mayunifolomu a Januwale.

Kuseri kwa nyumba, motsetsereka kulowera kumtsinje, kunali shedi yaitali yofolera ndi udzu. Pansi pake panali machubu akuda mizeremizere, ambirimbiri, onse ali ndi mbande: m'bawa, mtangatanga, kesha, nsangu. Chakumapeto kunali timitengo tofika m'maondo, masamba ake aatali onyezimira. Pamthunzi panali ndowa ya pulasitiki yobiriwira.

"Ali kuti?" A Abdu anasuzumira kuseri kwa shedi, mtengo uli m'mwamba. "Wathawa?"

"Sangathawe."

A Amadi anawerama, kufunyulula chiguduli cha m'ndowa muja, n'kutulutsa kanthambi kotalika ngati pensulo, kopanda tsamba ndi limodzi lomwe.

"Ndi uyu."

A Abdu anayang'ana kanthambi. Anayang'ana a Amadi. Anayang'ananso kanthambi. Mtengo wa mpanda uja unatsika pang'onopang'ono mpaka unasanduka ndodo yoyendera.

"Aka ndi kamtengo."

"Eya. Kenti."

"Awo," anatero akuloza timitengo ta m'machubu, "ndi mango."

"Akalisere athu omwewa. Tinafesa nthanga zake chaka chatha. Mizu ndi yakuno, imapirira chilala, koma zipatso zake n'zazing'ono, ulusi wokhawokha. Ndiye timadula mutu, n'kuikapo Kenti. Pansi kalisere, pamwamba Kenti."

"Mukukwatitsa mango."

"Mazana asanu ndi limodzi."

"Bwanji simunanene kuti ndi mango?"

"Simunafunse."

"Ndafunsa mafunso chikwi pakhonde paja!"

"Onse ndayankha. La mango panalibe."

A Abdu anapumira m'mwamba. Chimwala chimene chinali pachifuwa chichokereni ku Chileka chinagubuduka, koma pamalo pake panabwera manyazi, ndipo manyazi a Abdu sankawalola kuti aoneke. Anakunga nkhope.

"Mango sakwatiwa."

"Awa akwatiwa Loweruka."

"Sakwatiwa! Mawu amenewo ndi olakwika. Mtengo ulibe nkhoswe, ulibe apongozi."

"Mayi Lois amati kumezanitsa. Koma m'gulu mwathu aliyense akati anene, lilime limapindika. Tinangoti tizinena mmene anthu onse amanenera."

"Anthu onse ndi olakwa."

"Mwina. Koma inu mumaganiza kuti tikukwatitsa ndani?"

A Abdu anayang'ana kumtsinje.

"Zilibe ntchito."

"Mbuzi? Mbuzitu zimadzionera zokha."

"Tahira!" anakalipa. "Ndimati mukukwatitsa Tahira!"

Ulendo uno amene anatsegula pakamwa ndi a Amadi. Anabweza kanthambi m'chiguduli mosamala, kukaphimba, n'kuimirira.

"Tahira wanga? Akwatiwe? Nanga mayeso alembe ndani?"

"N'zimene ndimafunsa ine!"

"Ndi kanthambi?"

"Sindimadziwa kuti ndi kanthambi!"

"Komanso munamva ndikuti timadula mutu."

"N'chifukwa chake ndazula mpanda wanu!"

A Amadi sanaseke. Anatola kheni n'kuyamba kuthirira mzere wa m'bawa, ngakhale unali wonyowa kale. Atafika kumapeto anayankhula osatembenuka.

"Alamu, zaka khumi ndi ziwiri ndakankha njinga ya makala kuchoka kuno mpaka ku Chirimba. Msana uwu ukudziwa chitunda chilichonse cha msewu umenewu. Mapiri mwawaona pobwera aja, oyera ngati mutu wometa, tinawameta ndife. Mitengo itatha tinayamba kukumba zitsa. Chaka china mvula inagwa, madzi anatsika kuphiri opanda chowaimitsa, n'kutenga theka la munda wanga pamodzi ndi chimanga chake. Zonsezo ndimachitira kuti mwana uja asachoke pasukulu. Ndiye lero ndimupereke chifukwa cha wilibala?"

A Abdu anakanda pansi ndi ndodo ija.

"Ine sindinati wilibala yokha. Munatchulanso makheni."

"Dzinja lapitali tagulitsa mbande za kesha ndi m'bawa. Anagula a masukulu, a mipingo, a kumzikiti, ngakhale midzi ya kuphiri imene ikudzalanso nkhalango. A bungwe anatithandiza kupeza ogula, ife n'kumangokweza pa ngolo. Nsapato zimene Tahira akupitira kusukulu ndi za kesha."

"Nsapato za kesha? Sizimubaya?"

"Ndikuti tinagula titagulitsa kesha."

"Ndiye muzinena choncho."

"Koma amene anthu amalimbirana ndi mango okwatitsa. Kalisere umadikira mpaka imvi. Uyu zaka zitatu wayamba kudya. Ndipo munthu amene ali ndi mtengo womudyetsa pakhomo, nkhwangwa amaiiwala."

A Abdu anayenda pakati pa mizere, manja kumbuyo, ngati bwana woyendera. Ankafunafuna cholakwika choti agwire, koma machubu anali ondanda bwino, udzu wozulidwa, paliponse posesedwa. Kenako anakumbukira china, n'kuima.

"Pali kavuto pang'ono."

"Mwaponda chubu?"

"Ayi. Pochoka ndinawaimbira akunyumba, mayi a Yasin, kuti asonkhanitse abale. Loweruka m'mawa abwera kuno kudzaletsa."

"Kudzaletsa mango?"

"Kudzaletsa ukwati!"

"Kulibe ukwati."

"Ndikudziwa tsopano! Koma iwo sakudziwa. Abwera atakwiya. Ndili m'minibasi ndauzidwa kuti azakhali a ku Kuntaja abwera ndi chikwanje."

"Chikwanje n'chachikulu kwambiri. Chimaphwanya khungwa. Alipo angati?"

"Asanu ndi atatu. Ndi ine, asanu ndi anayi."

Milomo ya a Amadi inayamba kugwedera akuwerengera chamumtima, maso ali pa mizere ya mango.

"Abwere. Manja amatichepera. Tikanamaliza Lamulungu, koma apa timaliza Loweruka lomwelo."

"Anthu akubwera kudzamenyana, inu mukuwapatsa ganyu?"

"Akamenyana ndi ndani? Kenti ali m'ndowa."

A Abdu anakhosomola.

"Ndionetseni kaye. Sindingalole abale anga kugwira ntchito imene sindinaione. Mwina n'zabodza."

A Amadi anasamba m'manja, kutulutsa lezala imodzi imene inatsala pa maphunziro, n'kukoka chubu chimodzi. Anadula mutu wa kalisere, kung'amba tsinde pakati pang'ono, kenako anatenga kanthambi ka Kenti n'kuyamba kukasongola mbali ziwiri, lilime litatuluka pakona pa kamwa.

"Imani, imani, imani."

"Chavuta?"

"Mukudula chiyani pamenepo? Mbali iyi yatalika, iyi yafupika. Zikumana bwanji?"

"Mayi Lois anati bola makungwa akhudzane."

"Bola! Anthu a bola ndi amene amasoka malaya dzanja lina lalitali. Bweretsani kuno."

"Munati mango sakwatiwa."

"Sakwatiwa. Koma ngati akukwatiwa, akwatiwe mowongoka. Lezala!"

Anakwinya manja a malaya, kusamba m'manja mosauzidwa, n'kunjuta. Anatsinzina diso limodzi. Fwaa mbali iyi, fwaa mbali inayo, kanthambi kanasongoka ngati kolala ya shati yatsopano. Anakakhazika pamng'alu paja, makungwa n'kukumana ngati anabadwira pamodzi. Anatenga kamzere ka pulasitiki n'kukulunga kuchokera pansi kukwera m'mwamba, mzere pamwamba pa mzere, n'kumanga mfundo yaing'ono yosaoneka.

A Amadi anazungulira chubu chija kawiri.

"Iii, alamu. Ngakhale mayi Lois safika apa."

"Zaka makumi atatu ndikulumikiza zinthu zimene sizinabadwire pamodzi. Bweretsani china."

Anachita chachiwiri. Anachita chachitatu. Pa chachisanu anali atayamba kuimba chamumtima, thalauza lakumzikiti lili matope okhaokha. A Amadi anapita kunyumba n'kubwera ndi mpando, kuuika pambali osanena kanthu, ndipo a Abdu anakhalapo osanenanso kanthu.

"Loweruka mudzandiike kutsogolo," anatero. "Ndiwaphunzitse anthu anu kudula. Pulasitikiyunso mukudula mokulitsa, mukuwononga. Nanga uyo ali payekhayo, wamasamba ofiirira?"

"Ameneyo ndi Keti. Mtundu wina. Ndinamukwatitsa ndekha pa maphunziro paja, ndipo anagwira. Amapsa mochedwa, mango ena onse atatha, ndiye pamsika amakhala yekha."

A Abdu ananyamula chubu chija n'kuchitembenuza padzuwa. Timasamba tanthete tinali tofewa ngati nsalu yodula.

"Ameneyu ndikupita naye ku Chileka."

"Tengani. Mukumbe dzenje lofika m'chiuno, muthire manyowa."

"Musandiphunzitse. Ndipo ndikuuzeni chinthu chimodzi, alamu, musakwiye. Chisokonezo chonsechi mwayambitsa ndinu. Simutha kuyankhula. Munthu wamkulu ukamanena nkhani, uzinena yonse, mnzako amve kamodzi. Mwandiyendetsa ulendo wonsewu, kasitomala akudikira buluku lake, chifukwa cha kusalongosola kwanu."

"Pepani."

"Muzionera ife. Taimani ndiwaimbire akunyumba, mumve mmene nkhani imakambidwira."

Anatulutsa foni, kuiika patali ndi maso kuti aone manambala, n'kuimba. Chubu chinali chikhalire pamwendo.

"Halo, mayi a Yasin? Ee, ndine. Ndafika bwino. Nkhani ija ndaikonza ndekha, yatha. Anthu aja muwauze Loweruka abwerebe, koma aliyense atenge lezala yatsopano. Lezala, ee. Azakhali asiye chikwanje, chimaphwanya khungwa. Musafunse zambiri, mvetserani. Chachiwiri, madzulo ano sindibwera ndekha. Ndikubwera ndi Keti."

Mufoni munamveka kamawu kakang'ono, kakuthwa.

"Keti. Wachizungu. Ndamuona konkuno, mtima wanga wakonda, alamu andipatsa. Ndi wamng'ono bwino, wosalala, ndipo akuti sachedwa kubereka."

Kamawu kaja kanakula. A Amadi anakweza dzanja ngati mwana wasukulu, koma a Abdu anawabweza ndi chigongono.

"Ayi, m'nyumba ayi, musade nkhawa. Akhala kuseri, pafupi ndi bafa. Inu ntchito yanu n'kumamuthira madzi m'mawa ndi madzulo, basi. Zaka zitatu zokha mudzandithokoza, ana onse azidzathamangira kwa iyeyo. Halo? Mayi a Yasin? Halo?"

Anachotsa foni kukhutu n'kuiyang'ana.

"Mayunitsi atha?" anafunsa a Amadi.

"Alipo. Adula okha."

"Anati chiyani?"

"Akuti akupita kwa achimwene awo, makiyi ndikawapeza kwa aneba. Akutinso makina anga akunyumba aja ndikawapeza panja." A Abdu anakwinya nkhope. "Azimayi enawa, munthu kuwabweretsera chinthu chabwino."

A Amadi anakanda kumutu, n'kuyankhula mwaulemu wonse.

"Alamu, simunanene kuti ndi mango."

A Abdu anakumbatira chubu chawo, n'kuwayang'ana alamu awo modabwa kwambiri.

"Nanga anafunsa?"